Mpando wa Bambo Pakhomo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Sakubva tilipo, chifuwa cha bambo chinachepa.

Lamulungu lapitali amayi anakaonera filimu kwa anzawo ku Hobhouse, ya mayi wamsinkhu wawo amene anasiya banja n'kukayamba moyo wakewake. Anabwerako akuimba. Madzulo anawapatsa bambo madzi ali chiimire, osagwada. M'mawa mwake anakasungitsa makina awo osokera kwa anzawo aja. Nditawafunsa anati, "Mwanawe, nanenso ndine munthu."

Bambo sanakalipe, ndipo n'zimene zikundiopsa. Angosamutsa mpando wawo, tsopano amakhala pakhomo penipeni tsiku lonse, makiyi a geti ali m'thumba.

Chonde aimbireni amalume abwere msanga, amayi asanapemphe makiyiwo. Mulungu akusungeni, nafenso mutipempherere.

Ndine mlongo wanu,
Esinati