Makobidi a Ababa a 1943

LACHIWIRI

[08:14] Lonjezo: clo ndamuika clifford mu group muno. ndi mnzanga uja amagula ndalama zakale kuno ku lilongwe

[08:15] Clifford: mwadzuka bwanj asisi. pepani ndi maliro a bambo

[08:31] Clotilda: zikomo. chitini cha ababa chija ndatsegula. makobidi alimo 6, lililonse mu kapepala kake

[08:32] Lonjezo: jambula mbali zonse

[08:40] Clotilda: [zithunzi 4]

[08:41] Lonjezo: waona cliff? one cent ya ku america, 1943, yofiira. pa youtube akuti imodzi yokha munthu umagula nyumba

[08:47] Clifford: ndaona. bambo anawapeza kuti?

[08:55] Clotilda: kunabwera munthu pa mtakataka 2018, ankati wachokera ku tete. ababa anagulitsa dimba lathu la ku golomoti nkumupatsa ndalamazo

[08:56] Clifford: dimba lonse?

[08:56] Clotilda: lonse

[08:59] Lonjezo: amene anagula ndi a Sitefano. avomera kutigulitsanso mvula isanagwe. ndawauza adikire mpaka lachisanu, amama akudziwa

[09:10] Clifford: [voice 0:54] "Amwene, ndinene zoona musanapite patali. Chaka chimenecho ku America mkuwa unkapita kunkhondo, ndiye ma cent anawapanga ndi chitsulo, otuwa. Amkuwa enieni anatuluka ochepa kwambiri, mwangozi, ndi amene mukuwamva pa youtube aja. Ndiye pali anthu amatenga achitsulowo n'kuwakuta ndi mkuwa pamwamba. Pa chithunzi sindingagamule. Asisi apeze maginito. Mkuwa sumamatira. Likamamatira, ndi chitsulo."

[09:12] Lonjezo: simple. clo masula wailesi ya ababa, sipika ili ndi maginito

[09:20] Clotilda: amama akumvera misa pa wailesiyo

[09:20] Lonjezo: ikatha

[10:45] Lonjezo: yatha?

[11:30] Lonjezo: clo

[12:52] Clotilda: wailesi sindinamasule

[12:52] Lonjezo: chfkw?

[12:55] Clotilda: pansi pa chitini panali katoni. ndachotsa. pansi pake pali maginito a sipika okutidwa mu nyuzi

[12:55] Lonjezo: bho ndye yesa ndi omwewo

[13:04] Clotilda: [video 0:21]

[13:04] Clotilda: onse 6

[13:05] Lonjezo: bwerezanso. mwina maginitowo ndi amphamvu kwambiri

[13:07] Clifford: mphamvu ilibe ntchito amwene. lamkuwa silinganyamuke olo pang'ono. asisi taonani m'mbali mwake, pozungulira

[13:15] Clotilda: limodzi ndi lokandidwa m'mbali ngati ndi mpeni. mkati ndi motuwa, muli ka dzimbiri

[13:15] Clifford: mwakanda inu?

[13:16] Clotilda: ayi. ndi zakale

[13:22] Clifford: [voice 0:37] "Pepani kwambiri. Makobidiwo ndi a 1943 ndithu, koma achitsulo, ndipo amenewo anapangidwa ambirimbiri. Akanakhala otuwa mmene anabadwira bwenzi pali kenakake kochepa. Tsono awa anawakuta, taonani tsitsi la munthu ali pa kobidiyo ndi zilembo zafufutika, mkuwa unadzaza m'mizere. Osunga zakale safuna okutidwa. Ine ndikhoza kutenga pa faifi handiredi limodzi, longoika pa shelefu."

[13:23] Lonjezo: 500 dollars?

[13:23] Clifford: kwacha

[13:41] Lonjezo: ndifunsa wina

[13:43] Clifford: funsani amwene, sindikhumudwa. koma mupite ndi maginito, musalipire munthu kt akuyezereni

[14:10] Clotilda: achimwene simunandimve bwino

[14:10] Clotilda: maginito anali mchitini

[14:11] Clotilda: nyuzi yake ndi ya march 2019

[14:30] Lonjezo: ukutanthauza kt ankadziwa

[14:31] Clotilda: sindikutanthauza kanthu. ndangowerenga deti

[14:36] Lonjezo: zaka 6

[14:38] Lonjezo: kuchipatala ku mua anandigwira dzanja clo. anati osagulitsa mothamanga, mudikire mtengo wabwino

[14:39] Clotilda: ine anandiuzanso chomwecho

[14:52] Clifford: izi ndi za pabanja, ine ndituluke. mukandifuna nambala ndi yomweyi. Mulungu akutonthozeni

Clifford watuluka mu group

[16:05] Lonjezo: amama usawauze kaye

LACHITATU

[07:02] Lonjezo: wadzuka?

[07:40] Lonjezo: ndatumiza video ija kwa mmwenye wina wa ma antique. wayankha ndi ka emoji koseka basi

[10:18] Lonjezo: missed call

[10:19] Lonjezo: missed call

[13:27] Lonjezo: ndikungokhala pa desk pano. sindinadye koma njala palibe

[15:50] Lonjezo: munthu wa ku tete uja dzina lake unkalidziwa?

[17:12] Clotilda: ayi. ababa ankangoti bwana uja

[17:13] Lonjezo: foni sumayankha bwanj

[17:20] Clotilda: ndinali kuchapa zovala za ababa. azakhali akufuna tigawe loweruka

LACHINAYI

[09:33] Clotilda: ndawauza

[09:33] Lonjezo: ndinati udikire

[09:35] Clotilda: anandifunsa okha kt mnzanu wa ku lilongwe uja wati chiyani. ndikananama bwanj

[09:35] Lonjezo: ndye?

[09:41] Clotilda: [voice 0:44] "Anali pakhonde akusenda mtedza. Ndinawaonetsa mmene akumamatirira. Anafunsa kuti onse? Ndinati onse. Kenako ndinawaonetsa nyuzi ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, 'Chaka chimenecho ndi chomwe anasiya kudutsa njira ya ku Golomoti. Ndinkayesa ndi miyendo.' Basi. Anapitiriza kusenda."

[09:44] Lonjezo: analira?

[09:44] Clotilda: ayi

[09:45] Lonjezo: iwe?

[09:58] Clotilda: ayi

[11:06] Lonjezo: a Sitefano ndiwaimbira mawa ndiwauze asadikire

[11:30] Clotilda: ok

LACHISANU

[06:48] Clotilda: musavutike kuimba. amama alawira okha kwa a Sitefano

[06:49] Lonjezo: kukatani

[06:53] Clotilda: kukawauza. komanso akuti akapemphe ganyu yothirira tomato

[06:53] Lonjezo: pa dimba lomwelo??

[06:54] Clotilda: akuti chitsime chake amachidziwa

[06:55] Lonjezo: aletse clo. nditumiza kenakake month end

[06:57] Clotilda: akwera kale minibus. foni asiya pa tebulo

[07:10] Lonjezo: uthenga uwu wafufutidwa

[07:11] Lonjezo: uthenga uwu wafufutidwa

[12:26] Clotilda: azakhali akufunsa ngati chitini chilowe nawo pa zogawa mawa

[12:27] Clotilda: ndiwayankhe chani

[16:02] Clotilda: achimwene