Mpeni wa Atate Si Uwu

Lachinayi, Katoto. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima ukundiwawa.

Achimwene abweza mpeni wa malemu atate, wa chigwiriro chasiliva, umene anabwereka kuti adulire keke paukwati wa mwana wawo. Ndaupukuta ndi soda kuti ndionenso kachidindo ka mkango, kosonyeza kuti ndi wakalekale. Kachidindoko palibe. Litsiro litachoka, patuluka chitsulo wamba.

Ndawaimbira foni.

"Ndi womwewo, mlongo wanga. Wayamba kuiwala iwe."

Ndangothokoza kuti yewo, n'kudula.

Ndiiwale ine? Ndili mwana ndinautsegulira chitini cha mkaka, nsonga n'kuthyoka. Atate anandikwapula, achimwene omwewa ataima pakhomo akuseka. Uwu nsonga yake ndi yathunthu.

Lamlungu lino olalikira kutchalitchi ndi iwowo. Kaya maso angawa ndikawaika pati.