Kampando Kogwedera

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino nonse. Kodi bondo la amayi lija likuwalola kuyenda tsopano? Nanga abambo chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno ndili gwa, moti lamba ndasuntha bowo limodzi.

Mudabwa kuona kalata yapapepala kuchokera kwa ine, munthu amene mumati foni inandimerera m'manja. Khalani pansi kaye. Achemwali, magemu aja ndayamba ndawapumira! Ndiwapumira miyezi itatu yathunthu. Kompyuta ndaifunditsa nsalu, kamera ndaitsekera m'bokosi la nsapato. Ndikulemba pano mtima ukudumphadumpha ngati wa mwana tsiku lotsekera sukulu.

Mukudziwa kuti zaka zitatu zonsezi ndikaweruka kusitolo ya matayala ndimangofikira pakompyuta. Ine kusewera, anthu kuonera pa intaneti uku akulemba ndemanga zawo m'mbali, ine kuwayankha kwinaku ndikuthamangitsa galimoto zabodza. Lamlungu 3 koloko masana ndiye kunkadzaza, ankafika mazana anayi. Sindikunong'oneza bondo ayi, ndasekapo kwambiri. Koma dzanja lamanja linayamba kuchita dzanzi, ndipo tsiku lina ndinazindikira kuti anthu oyandikana nawo nyumba sindiwadziwa ngakhale nkhope.

Chimene chinandiimitsa ndi mpando. Miyezi iwiri yapitayo, mpikisano uli mkati, ndinadumpha ndi chimwemwe, ndipo pobwerera pansi mwendo wa mpando unangoti thyo! Ndinazimiririka pakamera, anthu n'kumangoona mapazi anga ali m'mwamba, sokosi imodzi yobooka. Mpaka lero akutumizirana kavidiyo kake. Sekani ndithu, ine ndinasiya kuchita nazo manyazi.

Loweruka lake ndinausenza mpandowo kupita nawo kwa amisiri a matabwa a kuseri kwa msewu wathu. Ndi bambo wamfupi, wosaseka, pensulo siichoka kukhutu. Anauyang'ana kamodzi kokha n'kundiuza kuti alibe nthawi yokonza zinyalala, koma ngati ndili ndi manja ndigwire sowo ndekha. Ndinaigwira. Fungo la utuchi litandilowa m'mphuno, ndinangoona ndili m'shedi ya abambo, ndili wamng'ono, ndikutolera tizidutswa ta matabwa pansi pa benchi. Ndinatulukamo dzuwa litapendeka, foni osaikhudza tsiku lonse.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndili komweko. M'manjamu muli matuza okhaokha, chikhadabo cha chala chachikulu chada bii chifukwa cha hamala, koma sindinasangalalepo chonchi. Amisiriwo anandipatsa dzina loti Wapakanema, ndipo akandituma chinthu amandikumbutsa kuti thabwa lilibe batani loyambiranso, ukadula wadula. Sabata yatha ndinapala thabwa mpaka kusalala, iwo anangopititsapo dzanja n'kubwerera ku ntchito yawo. Kwa munthu ameneyo, kumeneko ndiye kuyamikira.

Si matabwa okha. Ndadzala anyezi m'zitini za penti pawindo, ndipo m'mawa uliwonse ndimakawazonda ngati odwala. Lachitatu madzulo ndikuphunzira kusambira, ngakhale kuti pakadali pano ndimamwa madzi ambiri kuposa amene ndimasambira. Mnzanga amene ndimakhala naye nyumba akuti ndakalamba mwadzidzidzi, koma anyeziwo akakhwima mudzamuona akubwera ndi mbale.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Pakati pa oonera anga panali mmodzi wodabwitsa. Dzina lake linali manambala okhaokha, chithunzi analibe, ndipo ankabwera Lamlungu lokha. Za gemu sanalankhulepo ngakhale kamodzi. Anzake akamakuwa kuti ndikhotere kumanzere, iye ankangolemba kuti ndiwongole msana. Ine ndinkati ndi gogo wina wosochera pa intaneti.

Tsiku limene ndinagwa lija, aliyense akufa ndi phwete, munthuyu anayamba wafunsa ngati ndavulala. Kenako analemba kuti mpando wa misomali yokhayokha, wopanda guluu, ndi msampha wa alendo. Achemwali, tsitsi linandiima. Mawu amenewo ndawamva kambirimbiri, ndipo amene amawanena ndi munthu mmodzi yekha padziko pano.

Musayambe kukana. Abambo sadziwa ngakhale kusunga nambala m'foni, ndiye pali wina amene amawatsegulira ndi kuwasonyeza polemba. Amayi sangakhale. Ndakugwirani!

Inu munalipo tsiku limene ndinkanyamuka. Abambo ananena kuti magemu si ntchito, ine ndinawayankha mwachipongwe kuti matabwa awowo ndiye ndi ntchito ya anthu osowa chochita. Chichokereni sitinayankhulanepo. Ndikaimba foni iwo amakhala kuti angotuluka kumene. Ndinkati anandiiwala, osadziwa kuti Lamlungu lililonse amakhala nane m'chipinda, akuyang'anira msana wanga.

Pakamera sindinawaulule, kuopa kuti athawa. Koma Lamlungu lapitali ndinatsanzika kwa oonera onse. Ena anadandaula, ena anati pobwera ndidzapeza atapita kwa ena, ndipo zimenezo sizinandiwawe kwenikweni. Nditatsala pang'ono kuzimitsa kamera, wa manambala uja analemba kamzere kamodzi, kufunsa kuti nanga tsopano azindionera kuti. Apo pokha misozi inalengeza. Pakati pa chimwemwe changa chonsechi, ndipamene ndinazindikira kuti ndawatsekera abambo windo lokhalo limene ankandionerapo.

Sindikufuna kubwerera pakompyuta msanga chifukwa cha zimenezi, komanso sindikufuna miyezi itatu ya chete ina. Ndiye ndaganiza nzeru, ndipo pempho langa ndi limodzi lokha.

Ndapanga kampando kanga koyamba, ka miyendo inayi, kopanda choyedzamira. Guluu ndinaika, muwauze zimenezo. Koma kakugwedera. Ndadula mwendo uwu, kagwedera uko. Ndadula uwo, kagwedera kuno. Ndikapitiriza chonchi katsala thabwa lokhalira pansi. Amisiri anafuna kundisonyeza pamene palakwika, ine ndinakabisa kumbuyo n'kuwauza kuti kameneka kali ndi mwini wake woti akaone.

Lamlungu likubwerali, nthawi yomwe ija ya 3 koloko, ndidzaimba foni ya vidiyo pa nambala yanu. Chonde mudzaitengere kushedi, mudzaiimike pabenchi poti abambo aziona, inu n'kudzinamizira kuti mwaiwala china chake kukhitchini. Musawauze kuti ndawadziwa. Ngati safuna kundiyankhula asandiyankhule, ine ndidzangoika kampandoko pakamera n'kukagwedeza. Nonse mukuwadziwa. Munthu amene amapinda pepala n'kulilowetsa pansi pa tebulo la eni ake kuchilendo, sangaone mpando ukugwedera iye n'kukhala chete. Akangotsegula pakamwa kuti andidzudzule, ndidzamvetsera mpaka amalize, kenako ndidzapepese. Paja amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa agonera zaka zitatu.

Ndikuwerenga masiku, achemwali. Usiku wathawu ndinalota ndikupala thabwa lalitali losatha, ndipo ndinadzuka ndikuseka ndekha.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya ndithu ndipo kampando kachiwiri kadzakhala kawo, koikapo mwendo. Moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana anu onse awiri. Wamkuluyo mumuuze kuti amalume ake sanafe, angotuluka panja. Koma abambo musawapatsire moni wanga. Umenewo ndikufuna ndidzapereke ndekha Lamlungu, msana nditawongola.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu wovuta uja,
Mzime wa m'nyumbamo