Wolemera ndi Wopepuka

Amayi, kaya kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Balaka dzuwa likuwotcha ngati kale. Nandolo chaka chino wabereka pang'ono, nkhuku zatha ndi chitopa, yatsala imodzi. Asiyatu, mdzukulu wa achemwali anu, wabereka mwana wamkazi ku Machinga. Amutcha dzina lanu. Ine sanandifunse.

Nkhani yeniyeni ndi ya achimwene, a Yusufu. Mukukumbukira mawu anu aja? "Yusufu ndi wolemera, iwe ndiwe wopepuka ngati mankhusu." Dimba la mpunga, lomwe mwa mwambo wathu linali la ine mwana wamkazi, munapatsa iwo, ati ine ndinakwatiwa ndi mabuku. Dimbalo anagulitsa tisanachite n'komwe sadaka yanu. Sitolo yawo ya ku Nsanama inatsekedwa, akazi awo anabwerera kwawo ku Nayuchi. Sabata yatha anatulukira pakhomo panga, jumbo m'manja, mwendo akukoka, ati shuga. Amapempha chipinda.

Ndinawapatsa mpando pakhonde ndi madzi akumwa. Kenako ndinawaphunzitsa, monga ndinkaphunzitsira ana a sekondale zaka zonse zija. Ndinati chilichonse, nyerere, phiri, ngakhale thupi lanu lomwe tinaika m'manda, chinapangidwa ndi tinthu tosagawika. Mwa tinthuto muli banja la malepitoni asanu ndi limodzi, ndipo dzinalo limatanthauza chochepa, chopepuka. Atatu ali ndi mphamvu ya magetsi: elekitironi, myuwoni ndi tawu. Ndi apachibale, amafanana zonse kupatula kulemera. Myuwoni imalemera kuposa elekitironi maulendo opitirira mazana awiri, koma imasweka diso lisanaphethire. Tawu, yolemera koposa, imatha msanga kuposa pamenepo. Elekitironi, yopepuka mwa atatuwo, palibe anaiona ikufa.

Anaseka. Mano atsala anayi, ndinawerenga. Anati, "Chemwali, ine ndadzera malo ogona, osati mayeso." Ndinawayankha kuti mayeso analemba kalekale, apa ndikungowerenga zotsatira.

Analira, Amayi, munthu wa imvi, mamina mpaka pandevu. Ndinadikira kuti mtima wanga ugwedezeke. Atatu ena a m'banja lija, manyutirino, amaboola dziko lonseli n'kutulukira mbali ina osakhudza kanthu. Kulira kwawo kunandidutsa chomwecho. Ndinawaperekeza pasiteji, ndinawakweza minibasi ya ku Liwonde. Ndamva kuti akugona pakhonde la mzikiti.

Zipinda ndili nazo zitatu. Chimodzi ndimagonamo, china ndi cha mabuku, chachitatu ndimasungiramo nandolo.

Ndimakukondani, Amayi, ndi muyeso womwewo munkandiyezera. Ndikulonjeza kuti tsiku lawo likafika, nsanda ndidzagula ine, yoyera bwino, yosaperewera. Mwana wanuyo mukamulandire nokha. Muyambiretu kumukonzera pogona.

Ndine mwana wanu,
Patuma