Nsapato ya Edwin

Lolemba, 13 Januwale
Anthu ena ali patchuthi. Ife a bandi tili pabwalo la sukulu, tauni yathu yonse ya Chitré ngati ng'anjo. Aphunzitsi athu a bandi, a Profe Samaniego, ati pa perete wa mu Malichi adzatenga oyimba ochepa chabe. Otsala adzanyamula madzi m'mbali mwa msewu. Ine Yamileth kunyamula madzi? Chikhalirecho amayi auza kale aliyense wodzagula hojaldre, mandasi ophwatalala aja, pakhomo pathu kuti mwana wawo adzayimba ng'oma pa perete. Ndafa ine.

Lachitatu, 15 Januwale
Lamulo la a Profe: maso kutsogolo, chagwa chagwa. Kaya ndi ndodo, chipewa, ngakhale dzino, osatola, osayang'ana. "Pansipo mwatayapo chiyani, agogo anu?" Kumbuyo kwanga amuika Abdiel ndi tuba yake, chilipenga chomuzinga thupi lonse, kulira kwake ngati chule wa m'dambo. Wandiponda chidendene kawiri. Ndamutcha Chule. Dzina lagwira.

Lachiwiri, 21 Januwale
Pakufunika nsapato zakuda. Amayi ati zatsopano agula ndikasankhidwa, "ndalama sizimera m'poto wa mafuta." Ndiye ndavala za achimwene anga a Edwin. Mabwato enieni. Ndafutsamo nyuzipepala kumapeto. Chule akuti, "Iwe Yami, ukuguba kapena ukupalasa?" Yaritza, mnzanga wapamtima ameneyo, kuseka mpaka kutsamwa ndi ayezi. Tsiku lina ndidzamuthira mchenga mu tubamo.

Lachisanu, 31 Januwale
Mapewa phwee, khosi lapsa. Ndikumayimba patebulo, pandowa, pamsana pa galu. Amayi andilanda masipuni. Koma lero a Profe adutsa pambali panga osanena kanthu. Kwa iwo kuyamikira n'komweko. Ndabwera kunyumba ndikumwetulira ndekha ngati wopenga.

Loweruka, 8 Febuluwale
Tsiku losankha. Kuguba mumsewu weniweni, kuchokera pasukulu mpaka papaki, phula litafewa ndi dzuwa. Pakona ya sitolo ya mankhwala nsapato yakumanzere yamatirira, phazi lapitirira lokha. Mtima unati tola. Sindinatole. Sokosi paphula lamoto, misozi m'maso, manja osaphonya. M'mutu chimodzi chokha: a Edwin andipha.

Tafika papaki, a Profe aimitsa gulu, kanthu kandigunda kuchidendene. Nsapato! Chule waikankha njira yonseyo, phazi lamanzere likamatera iye nkha, tuba ili pakamwa. Yaritza akuti anthu m'mbalimo ankaombera m'manja nsapato, osati ife.

Lolemba, 10 Febuluwale
Ndasankhidwa! Matuza kuphazi, ndilibe nazo ntchito. Amayi agawira hojaldre msewu wonse, ulere.

Abdiel ayi. A Profe ati, "Nsapato ija yaguba bwino kuposa theka la inu. Koma woiyendetsa maso anali pansi." Adzanyamula madzi. Iye waseka, akuti madzi ndi opepuka kusiyana ndi tuba. Kuseka kwa mano okha. Chaka chake chomaliza pasukulu ndi chino. Hojaldre yanga ndapatsa galu.

Lachiwiri, 11 Febuluwale
Ndapita kwa a Profe. Ndawauza kuti lamulo limati osatola, ndipo mnyamatayo sanatole. Andiyang'ana mpaka ndaiwala dzina langa. "Mtsikana iwe, ukufuna ng'oma kapena uloya?" Kenako ati chabwino, Loweruka tibwereza njira yomweyo, ine patsogolo, iye pambuyo, nsapato zomwezo. Abdiel akangoyang'ana pansi kamodzi, tonse awiri kumadzi. Ndavomera ndisanaganize. Pakamwa panga pano padzandiphetsa.

Amayi sindinawauze. Nsapato zatsopano agula kale, zili pamwamba pa firiji kuti alendo aziziona.

Lachinayi, 13 Febuluwale
Ndamugwira Abdiel pampopi. Ndamulumbiritsa kuti ngakhale ndigwe ine amene, andiponde, adutse. Akuti, "Kukuponda ndiye ndinazolowera." Chitsiru. Ndamugulira ayezi wa chinanazi. Yaritza akundiyang'ana moseka, sindikudziwa chifukwa chake.

Loweruka, 15 Febuluwale
Kona yomweyo, phula lomwelo, nsapato yomweyo. Vuu, yatsala. Sindinapume bwino mpaka papaki. Kumbuyo tuba ikungolira, osagwedera ngakhale pang'ono. Taima. Ndadikira kuti kanthu kandigunde kuchidendene. Zii. Chibadwire sindinasangalalepo chonchi ndi kutaya chinthu.

A Profe ati, "Nonse awiri mwalowa, tionane Lolemba, ndipo wina agule zingwe za nsapato." Abdiel wabisa nkhope mu tuba, ati thukuta. Bodza.

Pobwerera tinakaiona nsapato ija. Basi yaiponda, yaphwatalala ngati hojaldre ya amayi. Taisiya pomwepo. Chagwa chagwa.

A Edwin ali ndi dansi madzulo ano. Ndikuwamva akufwanthula pansi pa bedi. Tsopano akugogoda pachitseko changa, ndipo m'manja mwawo ndikudziwa muli nsapato imodzi yokha