Kamfuti ka Agogo Katuluka M'nthaka

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji?

Kuno ku Chezi tilipo. Mvula inadula msanga, koma chimanga cha kudimba chatipulumutsa. Mkazi wa mwana wanu wachisamba, a Lefani, wabereka mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu yeniyeni. Mbuzi yanu yakuda ija fisi anagwira, pepani.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Mukukumbuka momwe anthu ankakusekerani mukamanena kuti agogo, bambo anu, anabwera ndi kamfuti ka m'manja kuchokera ku nkhondo ya ku Burma? Munkati anakalanda kwa mkulu wa asilikali a ku Japan, nkudzakakwirira kuseri kwa nyumba poopa atsamunda. Msuweni wanu a Nabanda ankati agogowo ankangophikira azungu tiyi. Inu munkangoyankha kuti, "Choona sichiola."

Mwezi wathawu a Lefani ankakumba maenje a chigafa cha fodya pabwinja pa agogo. Khasu linagunda chitini. M'chitinimo munali nsanza zamafuta, m'nsanzamo kamfuti kamphuno yowonda, kadzimbiri koma kathunthu.

Tinachita mantha, Amayi, paja mfuti pakhomo ndi mlandu. A Lefani anati tikaponye m'chimbudzi. Ine ndinakana, chifukwa kutero kukanakhala kuvomera kuti munagona muli wabodza. Ndinakakulunga m'chitenje nkukwera kabaza wa ku Mvera.

Kupolisi sanandimange. Wapolisi wamkulu anakatembenuza, naona zilembo zachilendo pambali pake, nkukajambula pafoni kutumizira mnzake wa usilikali. Yankho litabwera ananyamuka pampando. Akuti ndi ka Ajapani ndithu, ka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kamene akuluakulu ankamangirira m'chiuno. Atandifunsa dzina la agogo, ndinalitchula mokweza kuti ndi apanja omwe amve.

Kamfutiko katsala m'manja mwa boma, koma chithunzi ndili nacho. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaonetsa a Nabanda. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amako ankanena zoona." Ndinaimba nthungululu pomwepo, azimayi anzanga nkundilandira asanamve n'komwe chachitika. Ndikanakonda mukanaona, Amayi.

Fodya akagulidwa tidzamanga ziliza ziwiri, chanu ndi cha agogo. Pa cha agogo ndidzaimirira ndekha mpaka mmisiri alembe kuti anali msilikali.

Gonani bwino. Ndine mwana wanu wokukondani,

Mwatitha