Ndinagogoda Bwato, Mvuu Inatumphuka

Loweruka, ku Kawale. Mapewa akuwawa, koma mtima uli m'malo.

Lero kudamu ndatsogolera alendo anayi pa timabwato ta kayaki, koyamba m'moyo wanga. A Nyirenda, amene akundiphunzitsa ntchitoyi, anatsalira dala kumbuyo. Titayandikira bango ndinakumbuka lamulo lawo lakuti uzigogoda bwato ndi nkhafi kuti mvuu idzionetse. Madzi anali zii, ndiye ndinaopa kuti alendo andiseka, komabe ndinagogoda. Mutu wa mvuu unatumphuka pomwepo pamene timati tidutse. Tinailambalala bwinobwino, alendo akujambula.

Titafika kumtunda a Nyirenda, amene amakonda kundiseka chifukwa cha digiri yanga ya kuyunivesite, anati, "A digiri, kani makutu muli nawo? Loweruka likubwerali mupita nokha."

Amayi atandifunsa za ulendowu, ndawauza za mbalame zokha.